Funsani za Makompyuta: Ntchito ya Usiku Ingalowe Bwanji pa Seva Popanda Pasiwedi?

Mwa makalata amene talandira, anayi akukhudza nkhani imodzi, ndiyo ya ntchito zimene kompyuta imagwira yokha pa nthawi yoikika mothandizidwa ndi pulogalamu ya cron, zomwe zimafunika kulowa pa seva ina kudzera mu SSH, njira yolowera pa kompyuta ya kutali motetezeka, popanda munthu wolemba pasiwedi. Tawayankha pamodzi chifukwa yankho la kalata imodzi likuthandiza kumvetsa inzake.

FUNSO: A Mkonzi, ine ndimayang'anira makompyuta a ofesi yaing'ono, ndipo ndikufuna kuti usiku uliwonse mafayilo athu azikopedwa kuchoka pa seva ya muofesi kupita pa seva ina imene ili kutali. Ndinalemba script yogwiritsa ntchito rsync, ndipo ndikaiyendetsa ndekha masana imagwira bwinobwino chifukwa ikandifunsa pasiwedi ndimailemba. Koma nditaiika mu cron kuti iziyenda yokha nthawi ya 2:30 usiku, m'mawa ndimapeza kuti palibe chimene chakopedwa. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndiike pasiwediyo mu script momwemo pogwiritsa ntchito pulogalamu ya sshpass. Kodi ndichite zimenezi? Ndine bambo woyang'anira makompyuta.

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Chimene chikuchitika usikuwo n'chosavuta kuchifotokoza. Pulogalamu ya rsync imadalira ssh kuti ifike pa seva ya kutali, ndipo ssh ikafuna pasiwedi imaifunsa pa terminal, zenera lolembamo malamulo, poyembekezera kuti pali munthu amene ailembe. Ntchito yoyambitsidwa ndi cron ilibe terminal ndipo palibe woti ayankhe, choncho sevayo imaikana ssh, ntchito n'kutha isanakope chilichonse.

Malangizo a mnzanuwo ndikupemphani kuti muwasiye. Pasiwedi yolembedwa mu script imawerengedwa ndi aliyense amene angatsegule fayiloyo, imapita m'makope onse a fayiloyo amene mudzapange, ndipo tsiku limene mudzaisinthe ntchito ya usiku idzaima popanda wodziwa. Choipa kuposa zonsezi n'chakuti pasiwedi simungaiikire malire: amene waipeza amalowa ndi mphamvu zonse za akauntiyo, ndipo seva siingasiyanitse pakati pa iyeyo, inuyo ndi script yanu. SSH yeniyeniyo inayamba chifukwa cha vuto la mapasiwedi. Tatu Ylönen anailemba mu 1995 ali pa Helsinki University of Technology ku Finland, mapasiwedi atabedwa pa netiweki ya yunivesiteyo, m'masiku amene telnet ndi rlogin zinkatumiza mapasiwedi osabisa n'komwe. OpenSSH, yomwe ili pa makina ambiri a Linux lero, inatuluka mu 1999 kuchokera kwa anthu opanga OpenBSD, ndipo zonse zimene ndifotokoze pano zikukhudza pulogalamu imeneyi.

Njira yoyenera ndi ya makiyi. Mumapanga makiyi awiri ogwirizana nthawi imodzi: wina wachinsinsi, amene amakhala pa kompyuta yoyambitsa ntchito ndipo sachokapo, wina wapoyera, amene mumakamuika pa seva ya kutali. Kiyi wapoyerayo muzimuona ngati loko amene mwapachika pachitseko. Aliyense wodutsa akhoza kumuona, koma womutsegula ndi yekhayo amene wasunga kiyi wake. Polowa, kompyuta yanu imasayina uthenga wokhudza kulumikizana kumeneko pogwiritsa ntchito kiyi wachinsinsi, seva imatsimikizira siginechayo ndi kiyi wapoyera, ndipo kiyi wachinsinsiyo sadutsa pa netiweki ngakhale pang'ono.

Lowani ndi akaunti imene cron idzagwiritse ntchito, osati akaunti yanu ya tsiku ndi tsiku, ndipo mulembe lamulo ili:

ssh-keygen -t ed25519 -f ~/.ssh/kiyi_wa_kope -N "" -C "cron-kope"

Mtundu wa Ed25519 unalowa mu OpenSSH 6.5 mu 2014, ndipo kuyambira pa 9.5 mu 2023 ndi umene ssh-keygen imapanga ngati simunasankhe wina. Mbali ya -N yokhala ndi zizindikiro zopanda kanthu mkati ikutanthauza kuti kiyiyo sadzatsekedwa ndi passphrase (mawu achinsinsi otsekera kiyi), nkhani imene ndaiyankha mwatsatanetsatane pa kalata yotsatira. Dzina limene mwalemba pambuyo pa -C musalipeputse, chifukwa pakatha zaka zingapo mudzapeza mizere yambiri ya makiyi pa seva, ndipo dzina limeneli ndi lokhalo limene lidzakuuzeni kuti mzere uti ndi wa ntchito iti. Kenako tumizani kiyi wapoyera, amene fayilo yake imathera ndi .pub:

ssh-copy-id -i ~/.ssh/kiyi_wa_kope.pub kope@192.0.2.10

Adiresi ndi dzina la akaunti ndaika pano ndi zachitsanzo chabe. Lamuloli lidzakufunsani pasiwedi komaliza, ndipo ngati n'koyamba kulumikizana ndi sevayo kuchokera pa akauntiyi, lidzakuonetsani chidindo cha kiyi wa seva n'kukufunsani ngati mukuchivomereza. Musangolemba yes mothamanga. Pa seva ya kutaliyo lembani ssh-keygen -lf /etc/ssh/ssh_host_ed25519_key.pub ndipo muyerekeze zimene zatuluka ndi zimene mwaonetsedwa, popeza kuyambira tsiku limenelo ntchito yanu idzakhulupirira chidindo chimenechi usiku uliwonse inu muli mtulo. Mukatha, onetsetsani kuti foda ya .ssh ili ndi chilolezo cha 700 ndipo fayilo ya authorized_keys (imene imasunga makiyi apoyera pa seva ya kutali) komanso kiyi wachinsinsi zili ndi 600, kutanthauza kuti mwini akaunti yekha ndiye angazitsegule.

Kuti mzere wa cron usatalike, lembani zofunika mu fayilo ya ~/.ssh/config motere:

Host seva-kope
HostName 192.0.2.10
User kope
IdentityFile ~/.ssh/kiyi_wa_kope
IdentitiesOnly yes
BatchMode yes
ConnectTimeout 30

BatchMode imauza ssh kuti isafunse funso lililonse, ikakumana ndi vuto ingotuluka n'kunena cholakwikacho. IdentitiesOnly imailetsa kuyesa makiyi ena amene simunawatchule. Mzere wa crontab, fayilo imene mumalembamo ntchito za cron, ukhala wotere:

30 2 * * * /usr/bin/rsync -a /srv/deta/ seva-kope:deta/

Anthu ambiri akafika apa n'kuona kuti mafayilo akukopedwa amati ntchito yatha, koma ine ndimaona kuti chofunika kwambiri ndi chimene chatsalachi. Monga mmene zilili panopa, kiyi wanuyo sanasiyane kwenikweni ndi pasiwedi ya mu script ija, chifukwa womupeza akhoza kutsegula shell (pulogalamu yolandira malamulo) pa seva ya kutali, kuyendetsa lamulo lililonse, ngakhale kudutsira pa sevayo kupita pa makina ena a netiweki yake. Ubwino weniweni wa kiyi ndi woti mukhoza kumuuza chochita ndi kumuletsa zina zonse. Tsegulani fayilo ya authorized_keys pa seva ya kutali, pezani mzere wothera ndi cron-kope, ndipo kutsogolo kwake muwonjezere malire, kuti uoneke chonchi:

restrict,from="192.0.2.20",command="/usr/bin/rrsync -wo /srv/makope" ssh-ed25519 AAAA... cron-kope

Mawu akuti restrict, amene analowa mu OpenSSH 7.2 mu 2016, amatseka nthawi imodzi zinthu zimene kale zinkatsekedwa chimodzichimodzi, monga kupatsidwa terminal, kudutsitsa mapoti ndi kudutsitsa ssh-agent, pulogalamu yosunga makiyi otsegulidwa. Mawu akuti from amachititsa kuti kiyiyo azilandiridwa pokhapokha ngati akuchokera pa adiresi ya seva ya muofesi yanu, moti wakuba amene wamukopera pa kompyuta yake adzakanidwa. Mawu akuti command ndiwo amphamvu kuposa onse: kaya wolowayo wapempha lamulo lanji, seva idzayendetsa lokhalo limene mwalemba pamenepo, ndipo pempho lake lidzangoikidwa mu SSH_ORIGINAL_COMMAND kuti pulogalamu yanuyo iliunike. Pulogalamu ya rrsync imabwera limodzi ndi rsync ndipo inapangidwira ntchito imeneyi. Imawerenga pempholo, imalola rsync yokha, ndipo imaitsekera mu foda imodzi imene mwatchula. Mbali ya -wo imalola kulemba kokha, pamene -ro imalola kuwerenga kokha. Malo a rrsync amasiyana malinga ndi mtundu wa Linux, choncho muyambe mwaifufuza pa seva yanu musanalembe njira yake. Mukamaliza, yesani kulemba ssh seva-kope ls ndipo muone kuti mwakanidwa, chifukwa malire amene simunawayese simungawadalire.

FUNSO: A Mkonzi, pamene ndinkaphunzira ntchitoyi anatiuza kuti kiyi wa SSH wopanda passphrase ndi woopsa kwambiri. Pachifukwa chimenechi kiyi wa ntchito zathu za cron ndinamutseka ndi passphrase, ndipo ndimamutsegula kamodzi mu ssh-agent. Vuto n'lakuti seva ikazima n'kuyakanso, ntchito zonse zimaima mpaka ndidzalembenso passphrase, ndipo nthawi ina zinaima kwa masiku angapo ndisakudziwa. Kodi pali njira yoti ndisataye chitetezo koma ntchito zisamaime? Ndine mayi wogwira ntchito yosamalira maseva.

YANKHO: Zikomo mayi. Zimene munaphunzitsidwazo n'zoona pa kiyi wa munthu, amene amakhala pa laputopu yoti ikhoza kubedwa ndipo amatsegula maseva ambiri ndi mphamvu zonse. Kiyi wotere azikhala ndi passphrase nthawi zonse. Koma kiyi wa makina ali ndi vuto lina limene silingathe ndi luso lililonse: ngati kompyuta ikuyenera kumugwiritsa ntchito popanda munthu, ndiye kuti chilichonse chofunika pomutsegula chili pa kompyutapo, ndipo munthu amene walanda akauntiyo kapena root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyuta, adzachipezanso. Kulemba passphrase mu fayilo ina kuti script iziiwerenga, monga ena amachitira, sikuwonjezera chitetezo chilichonse. Kumangowonjezera fayilo yoti muziisamala.

Tiyeni tione bwino chimene ssh-agent imakutetezani nacho ndi chimene siikutetezani nacho. Imasunga kiyi wotsegulidwa mu memory, pamene fayilo ya pa disiki imakhalabe yotsekedwa. Motero ngati wina waba disiki, kapena wapeza kope lakale la mafayilo a sevayo, kiyi amene wapezayo alibe naye ntchito popanda passphrase. Umenewu ndi ubwino weniweni, ndipo sindikuuchepetsa. Koma munthu amene walowa pa seva ikuyenda, ndi akaunti ya ntchitoyo kapena ndi root, akhoza kulankhula ndi agent kudzera pa socket yake n'kulowa kulikonse kumene kiyiyo amalowa, osafunsidwa kanthu. Pali pulogalamu ya keychain, yolembedwa ndi Daniel Robbins amene anayambitsa Gentoo Linux, imene imathandiza kuti agent imodzi ikhalebe yamoyo inu mutatuluka ndiponso kuti script za cron ziziipeza, koma nayonso imadikira munthu makina akayakanso.

Maganizo anga ndi akuti pa ntchito zambiri za cron, makamaka zosunga makope a mafayilo, kiyi wopanda passphrase koma woikidwa malire ngati amene ndafotokoza pamwambapa ndi wabwino kuposa kiyi wa passphrase amene akhoza kuchita chilichonse. Masiku angapo amene munakhala opanda makope atsopano anali chiopsezo chachikulu, chifukwa disiki ikanafa pa nthawi imeneyo palibe chimene passphrase ikanakubwezerani. Ngati malamulo a kuntchito kwanu akukakamiza kuti passphrase ikhalepo, pitirizani ndi agent, koma muike malire omwewo mu authorized_keys, ndipo mukonze zoti seva izikutumizirani uthenga ikangoyakanso komanso ntchito ikalephera.

Mukasankha kiyi wopanda passphrase, pali zinthu zingapo zoti muzisamale. Ntchito iliyonse ikhale ndi kiyi wakewake komanso, ngati n'kotheka, akaunti yakeyake, kuti tsiku limene mwakayikira kiyi mmodzi mudzangochotsa mzere umodzi popanda kuimitsa ntchito zina. Onetsetsani kuti kiyi wachinsinsiyo sakulowa m'makope amene mukutumiza kwina. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akamakopera foda yonse ya /home kapena ya /root osaganizira kuti foda ya .ssh ili momwemo. Kuyambira pa OpenSSH 7.7 mu 2018 mungathenso kuika expiry-time pa mzere wa kiyi kuti asiye kugwira ntchito tsiku limene mwasankha likakwana, zomwe n'zothandiza pa ntchito ya kanthawi, ngakhale kuti pa ntchito yokhalitsa muyenera kulemba tsikulo pa kalendala kuti lisadzakudzidzimutseni.

Pali funso lina limene ndikufuna mudzifunse, ndipo ndi lalikulu kuposa la passphrase: kodi kiyi wachinsinsi akhale mbali iti? Ngati seva yogwirira ntchito ndiyo imakankhira mafayilo ku seva yosungira makope, munthu amene walanda seva yogwirira ntchitoyo amapeza njira yofikira makopewo, ndipo ngati kiyiyo amalola kufufuta kapena kulemba pamwamba pa mafayilo akale, akhoza kuwononga zonse ziwiri usiku umodzi. Anthu obera ena powatsekera mafayilo n'kumafuna dipo amafunafuna makope poyamba pachifukwa chomwechi. Mukatembenuza, seva yosungira makope n'kukhala imene imakoka mafayilo pogwiritsa ntchito kiyi wololedwa kuwerenga kokha, seva yogwirira ntchito imakhala ilibe njira iliyonse yolowera kosungirako. Kukoka kuli ndi udindo wakenso, popeza seva yosungirayo imatha kuwerenga mafayilo a maseva onse, choncho iyenera kukhala yotetezedwa kuposa ena onse ndipo isamagwire ntchito zina. Ngati mukuyenera kukankha, rrsync ya masiku ano ili ndi mbali ya -no-del yoletsa kufufuta, ndipo ndi bwino kuti seva yosungirayo izisunga makope a masiku am'mbuyo pamalo amene kiyiyo safikapo.

FUNSO: A Mkonzi, makiyi ndinaika kale ndipo ndikalemba ssh pa terminal ndimalowa osafunsidwa pasiwedi, koma lamulo lomwelo likayendetsedwa ndi cron limalephera. Ndayang'ana paliponse koma sindikuona cholakwika. Ndithandizeni. Ndine wophunzira ntchito ya netiweki.

YANKHO: Vuto limeneli n'lofala, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi loti terminal yanu ndi cron sizikhala m'malo ofanana. Mukalowa nokha, shell imawerenga mafayilo anu oyambira n'kukukonzerani zinthu zambiri zimene simuziona. Cron siichita zimenezi. Imayendetsa lamulo ndi /bin/sh, imapereka PATH yaifupi (mndandanda wa mafoda mmene mapulogalamu amafunidwamo), kawirikawiri /usr/bin ndi /bin basi, ndipo siidziwa za agent yanu.

Choyamba kukayikira ndi agent yomweyo. Makompyuta ambiri okhala ndi desktop amayambitsa agent munthu akangolowa n'kutsegula kiyi wake, moti munthu amaganiza kuti kiyi wakeyo alibe passphrase pamene ali nayo. Agent imapezedwa kudzera mu SSH_AUTH_SOCK, ndipo mu cron dzina limeneli mulibe. Kuti muone zimene cron imaona, yendetsani lamulo lanu motere:

env -i /bin/sh -c '/usr/bin/ssh -v -o BatchMode=yes seva-kope true'

Mbali ya env -i imachotsa zonse zimene shell yanu inakonza, ndipo -v imachititsa ssh kunena chilichonse chimene ikuchita, kuphatikizapo makiyi amene ikuyesa ndi yankho la seva pa kiyi aliyense.

Chachiwiri ndi akaunti. Ngati munalemba ntchitoyo ndi sudo crontab -e, ndiye kuti ikuyenda ngati root, ndipo ssh ikufuna makiyi, config ndi known_hosts (fayilo yosunga zidindo za maseva zimene munavomereza) mu /root/.ssh, osati mu foda yanu. Pamenepo uthenga umene umatuluka kawirikawiri ndi wakuti Host key verification failed, kutanthauza kuti akauntiyo sinavomerezepo chidindo cha sevayo ndipo palibe woti aifunse. Mudzapeza anthu ambiri akulangiza kuti muike StrictHostKeyChecking=no kuti uthengawu uchoke. Musatero, chifukwa mukatero ntchito yanu ikhoza kutumiza mafayilo kwa kompyuta ina imene yadzionetsa ngati seva yanu, ndipo pa ntchito ya usiku palibe munthu amene angaone chenjezo. Lowani kamodzi pamanja ndi akaunti yoyenerayo, yerekezani chidindo, muchivomereze. Ngati muli ndi makina ambiri atsopano moti zimenezi n'zosatheka, pali accept-new, imene inalowa mu OpenSSH 7.6 mu 2017. Imalandira chidindo cha seva yatsopano koyamba koma imakana chikadzasintha.

Chachitatu chili mu crontab momwemo. Chizindikiro cha % chili ndi tanthauzo lapadera mu crontab, pakuti cron imachitenga ngati mapeto a lamulo ndi chiyambi cha zolowetsa zake, choncho lamulo lokhala ndi date +%F limaduka pakati pokhapokha mutaika \ kutsogolo kwa chizindikirocho. Pofuna kupewa zoterezi, ikani malamulo onse mu script yosiyana yokhala ndi njira zonse za mapulogalamu, ndipo crontab izingoitana script imeneyo. Ngati mu script muli while read imene imayendetsa ssh pa mzere uliwonse wa mndandanda, onjezani -n pa ssh, apo ayi idzameza mizere yonse yotsala ndipo ntchitoyo idzangochitika pa seva yoyamba yokha.

Pali chifukwa china chimene sichichitika kawirikawiri koma chimasokoneza mutu kwambiri. Ngati foda ya munthu pa seva ya kutali ndi yobisidwa ndi njira imene imaitsegula pokhapokha mwiniwake akalowa ndi pasiwedi, monga eCryptfs, fayilo ya authorized_keys imawerengeka masana pamene mwalowa, koma usiku mutatuluka sshd, pulogalamu ya pa seva yolandira olowa, siingaiwerenge. Mankhwala ake ndi kusuntha fayiloyo kunja kwa foda yobisidwayo n'kuuza sshd malo atsopanowo kudzera mu AuthorizedKeysFile.

Kumbukiraninso kuti seva ikakana kiyi siiuza wolowayo chifukwa chake, ndipo imatero dala. Chifukwacho chimalembedwa pa sevapo, mu /var/log/auth.log pa Debian ndi Ubuntu, mu /var/log/secure pa Red Hat ndi abale ake, kapena mu journalctl. Mukaona mawu onena za bad ownership or modes, dziwani kuti foda ya .ssh, fayilo ya authorized_keys kapena foda yaikulu ya akauntiyo ndi yololeza anthu ena kulembamo kapena ili m'dzina la akaunti ina, ndipo sshd imakana kukhulupirira fayilo yotere. Pa makina okhala ndi SELinux, dongosolo lowonjezera chitetezo pa Linux, lamulo la restorecon -R pa foda ya .ssh limakonza vuto lofanana nalo.

Mukapeza vuto la lero, konzekeraninso la mawa. Cron imatumiza zotuluka za ntchito pa imelo ya pa makinawo, imene pa maseva ambiri palibe amaiwerenga, choncho ikani MAILTO ku adiresi imene mumaitsegula kapena mulembe zotulukazo mu fayilo. Pulogalamu ya ssh ikalephera payokha imatuluka ndi nambala 255, ndipo script yanu iziyang'ana nambala yotuluka n'kukuchenjezani. Ngati ntchitoyo ikhoza kutenga nthawi yaitali kuposa mpata wa pakati pa maulendo ake, ikulungeni ndi flock -n kuti ziwiri zisayende nthawi imodzi.

FUNSO: A Mkonzi, titakweza makina athu, kiyi wakale wa RSA wasiya kulowa pa seva ina yakale, ndipo ntchito imene amagwira imafuna mphamvu za root. Nditani? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Zikomo chifukwa chopitiriza kuwerenga tsamba lino. Mu 2021, OpenSSH 8.8 inasiya kulola masiginecha a RSA ogwiritsa ntchito SHA-1, popeza SHA-1 inali itapezeka kuti ndi yofooka. Makiyi a RSA sanaletsedwe; amagwirabe ntchito ndi SHA-2, imene OpenSSH inayamba kuidziwa pa 7.2. Choncho ngati sevayo ili ndi OpenSSH, kulephera kwanu kukusonyeza kuti ndi yakale kuposa 7.2. Ngati ili pa 6.5 kapena kuposerapo, pangani kiyi watsopano wa Ed25519, ndipo mukhozanso kufunika kuipangira kiyi wa seva wa mtundu womwewo ngati ilibe. Ngati ndi yakale kuposa pamenepo, mungaike PubkeyAcceptedAlgorithms +ssh-rsa ndi HostKeyAlgorithms +ssh-rsa mu config, koma pansi pa Host ya seva imodziyo yokha, ndipo muzichiona ngati chithandizo cha kanthawi podikira kuti sevayo ikwezedwe. Ngati penapake mudakali ndi makiyi a DSA, asintheni tsopano, chifukwa OpenSSH 10.0 ya mu 2025 inawachotseratu.

Pa nkhani ya root, yambani mwadzifunsa ngati ntchito yonse ikufunikadi mphamvuzo kapena lamulo limodzi lokha. Ngati ndi limodzi, lowani ndi akaunti wamba ndipo mu sudoers, fayilo yosonyeza amene angayendetse malamulo ndi mphamvu za root, muilole lamulo limenelo lokha ndi NOPASSWD, molemba njira yake yonse ndi mbali zake zonse, popanda chizindikiro cha *. Ngati palibe kuchitira mwina koma kulowa ngati root, monga pokopera mafayilo a anthu onse pamodzi ndi umwini wake, ikani PermitRootLogin forced-commands-only mu sshd_config. Zimenezi zimachititsa kuti root alandiridwe ndi kiyi yekha, ndiponso pokhapokha ngati mzere wa kiyiyo uli ndi command, moti kiyi wina wa root amene waiwalika wopanda malire sadzalowa.

Nthawi iliyonse mukasintha sshd_config pa seva ya kutali, lembani sshd -t kuti muone ngati mulibe cholakwika musanaiyambitsenso, ndipo terminal imene mwalowa nayo musaitseke kufikira mutatsegula ina n'kutsimikiza kuti inuyo mukutha kulowa komanso kuti kiyi wa ntchitoyo akulandiridwa.